Mabokosi Amene Glenys Anapulumutsa

Moto utadutsa m'dera lathu, ine ndi mkazi wanga Glenys tinakakhala m'kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto, pa bwalo la chionetsero cha zaulimi ku Bairnsdale, pamodzi ndi mabanja ena amene nyumba zawo zinapsa. Yathu inapsa psiti. Chinatsala chili chiimire ndi chumuni basi, ndi thanki ya madzi yopindika m'mimba. Anthu ankabwera ndi zovala, mabulangete, masangweji a mazira, n'kumatigwira paphewa kufunsa ngati tili bwino. Ine ndinkayankha kuti tili bwino, ndipo silinali bodza kwenikweni. Sindinkamva kanthu. Ndinkadya, ndinkagona, ndinkaima pamzere wa kubafa ndi thaulo la eni ake pakhosi.

Pansi pa bedi la m'kalavanimo panali mabokosi anga a makobidi. Glenys ndiye anawatulutsa m'nyumba moto usanafike. Onse anali opanda kanthu mkati, koma iye sankadziwa.

Makobidi amenewa ndinayamba kutolera ndili wachinyamata, ndikugwira ntchito kocheka matabwa. Si makobidi ogulira buledi ayi. Ndi asiliva, osulidwa pokumbukira zinazake: nkhondo, njanji yakale, mbalame yomwe ikutha, zoterozo. Ife otolera timawatchula kuti mapulufu. Amawadinda kangapo ndi chidindo chosalala, moti pansi pake pamawala ngati galasi, chithunzi chake n'kumaoneka choyera mbee pamwamba. Lililonse limabwera m'kambale ka pulasitiki kotsekedwa, kambaleko kali m'kabokosi kake, limodzi ndi kachikalata ka nambala. Chala sichifikapo. Ngakhale kupumira pafupi timakaniza. Glenys ankati ndili ndi mitala, mkazi wina ndi iye, wina ali m'kabati.

"Ndipo wa m'kabatiyo sunamukalipirepo ndi tsiku limodzi lomwe," ankatero.

Kwathu banja lililonse limagwirizana isanafike nyengo yotentha kuti moto ukabwera adzanyamula chiyani. Ife tinagwirizana kalekale, kapena ndinene kuti ndinalamula ine: mabokosi poyamba. Ndinkamuuza kuti tsiku limene tidzagwe, makobidiwa ndiwo adzatidzutse. Ndinazinena kambirimbiri mpaka iye ankamaliza yekha mawu anga, akundiyeserera ndi mawu abesi.

Ndiye nyengo yozizira yapitayo ndinaona kuti makobidi ena ayamba chikasu m'mphepete. Anzanga a ku kalabu ya otolera makobidi anati vuto ndi guluu ndi nsalu ya m'mabokosi, zimatulutsa kampweya kodetsa siliva. Ndinachotsa makobidi onse, ali m'timbale tawo, n'kuwaika m'chitini chachitsulo chija asilikali amasungiramo zipolopolo, chomwe chimatseka osalola mpweya. Chitinicho ndinakachiika m'shedi, pa simenti pozizira. Mabokosi ndinawabweza m'kabati mwa ndondomeko yake, ngati kale. Glenys sindinamuuze. Sikuti ndinkabisa. Kungoti nkhani za makobidi zikayamba ankayasamula mpaka misozi, ndiye ndinasiya kale kumuvutitsa nazo. Mabokosiwo ndi olemera paokha, khobidi likachoka dzanja silizindikira.

Tsiku la motolo ine ndinali pa lole ya ozimitsa moto odzipereka, kuseri kwa phiri, tikuteteza nyumba za anthu ena. Mphepo inatembenuka masana. Glenys anali yekha pakhomo. Anachita zimene tinagwirizana. Ananyamula mabokosi kupititsa m'galimoto, kubwerera, kunyamula ena, kubwereranso. Pomaliza kumwamba kunali kutada bii, makala akugwa ngati matalala. Anathamanga kuti akatsegulire Dulcie geti, koma udzu wa pabwalo unali utayaka kale. Anabwerera, n'kuliza galimoto.

Dulcie anali hatchi yake. Anamulera kuyambira ali kamwana kogwedera miyendo, ndipo tsopano anali wokalamba, wosakwerekanso, wongodya ndi kuphwisa. Glenys ankacheza naye m'mawa uliwonse kuposa mmene ankachezera ndi ine. Anamupeza atafa pa ngodya ya mpanda. Anthu a boma anabwera ndi chigalimoto chokumbira n'kumukwirira pomwepo, pamodzi ndi nkhosa za aneba.

Pa bwalo la chionetsero paja madzulo ankawotcha masoseji, ndipo aliyense ankafotokoza zake. Wina anatuluka ndi galu ndi ketulo. Wina anatuluka ndi chitsulo chositira, osadziwa chifukwa chake. Glenys nthawi yake ikafika ankanena chimodzimodzi tsiku lililonse.

"Ine zithunzi zaukwati ndilibe, makina osokera ndilibe, ngakhale kabudula wosinthira ndinalibe. Koma makobidi a nkhalamba iyi ndinatulutsa onse. Onse, osasiya ndi limodzi."

Amayi enawo ankati, "Ndiwe mkazi iwe, Glenys. Des, umupatse ulemu mayi ameneyu, wamva?"

Ine ndinkagwedeza mutu, n'kumatafuna soseji.

M'mawa wina tikumwa tiyi Glenys anati, "Des, bwanji sunatsegule uone ngati utsi sunalowe?"

"Asiye choncho. Mpweya wa kuno uli ndi phulusa lokhalokha, tingawaononge."

"Chabwino, bwana."

Sanatsutse, chifukwa zaka zonse za ukwati wathu anali asanatsegulepo bokosi langa. Anazunguza kapu yake m'manja, akuyang'ana panja.

"Ndimamumva usiku," anatero. "Dulcie. Mmene ankalirira muja. Ndikadzidzimuka ndimatsitsa mwendo, chidendene chimagunda mabokosi akowa. Ndiye ndimati chabwino, sizinapite pachabe, china chake chinatuluka. Ndikatero tulo timabwera."

Ndinafuna kunena pomwepo. Ndinatsegula pakamwa, koma munalowa tiyi. Si mantha amene anandigwira, kapena chisoni. M'kati mwanga munali zii, ngati nyumba yosamukamo anthu. Ndinangoona kuti chinthu chokhacho chimene mkazi wanga watsamira ndi mabokosi opanda kanthu, ndipo ine ndiye ndiyenera kuwachotsa.

Patapita masiku, a inshuwalansi akungotizengereza, Glenys anati, "Unkati makobidiwa adzatidzutsa tikadzagwa. Tagwatu, bambo. Kapena ukudikira tigwe kawiri? Pita kwa Vince wogula makobidi uja ukamve mitengo."

Ndinati ndipita ndikafunse kaye, mabokosi atsale.

Ndinayamba ndapita kumabwinja kwathu. Mitengo ya bulugamu inali itaima yakuda m'mbali mwa msewu monse, popanda mbalame, popanda ntchentche. Malata a shedi anali atagwera pansi, ofewa ngati makatoni onyowa. Ndinawakoka, n'kufukula phulusa ndi fosholo yobwereka. Chitini ndinachipeza chitatupa, chivindikiro chitakhota. Ndinachitsegula ndi chitsulo chochotsera matayala. Mkati munali chibulumwa chimodzi chakuda, cholemera, chonunkha pulasitiki wopsa. Ndinachikulunga m'malaya akale n'kuchiika pampando wa pambali panga, pamene amakhala Glenys.

Vince Zammit ali ndi kasitolo kopapatiza kuseri kwa msewu waukulu, komwe amagula ndi kugulitsa makobidi, masitampa ndi mamendulo a asilikali akale. Takhala tikunamizana mitengo ine ndi iye kuyambira tonse tili ndi tsitsi. Nditalowa anavula magalasi.

"Aise Des! Ndimayesa unapsa."

"Moto unandikana, akuti nyama yake ndi yolimba."

"Glenys ali bwanji?"

"Alipo."

Ndinaika mtolo pa kauntala n'kuumasula. Vince, mwa chizolowezi, anavala magolovesi ake oyera. Atayang'anitsitsa chibulumwacho anawavulanso, n'kuwapinda bwinobwino. Anachitembenuza ndi manja ake enieni. Mbali ina panaoneka mphepete za makobidi zitasanjikizana, kwina kaphiko ka mbalame katatuluka mu zakudazo.

"Ndi onse awa?"

"Onse."

"Mayo ine," anatero chapansipansi.

Anachiika pa sikelo, n'kulemba kanambala pa kapepala, n'kunditembenuzira. Ndinakayang'ana. Kanali kokwanira kugula firiji ndi makina ochapira, mwina ndi bedi.

"Siliva ndi siliva, mkulu wanga," anatero. "Osungunula aja andipatsa za pa sikelo, achotsepo zinyalalazi. Ine sindidyapo kanthu, usandiyang'ane choncho."

"Lija la njanji lili momwemo. Unandinyengerera chaka chathunthu kuti ndikugulitse."

"Ndikulikumbuka, usandipweteke mtima. Lero ndi chimodzimodzi supuni ya agogo ako."

"Anapanga ochepa kwambiri aja."

"Anapanga ochepa, ee, ndipo lero achepanso ndi limodzi, eni ake enawo akuthokoze. Tamvera Des, iwe ukuzidziwa izi, si ine wokuphunzitsa. Munthu akalowa muno kufuna pulufu sagula chitsulo. Chitsulo amagula osula ndolo. Iye amagula nkhope ija yosakhudzidwa, yoti kuchokera tsiku losulidwa palibe anaipumira. Ndiye amafunanso bokosi lake ndi chikalata chake, kuti akamaonetsa alamu ake aziti onani nambala. Nkhope yapita. Mabokosi nawo anapsa?"

"Ali pansi pa bedi. Glenys anawatulutsa onse, ndi zikalata zomwe."

Vince anandiyang'ana, kenako anayang'ana chibulumwa, n'kundiyang'ananso.

"Akudziwa?"

"Ayi."

"Aaa, Des."

Ndinamufotokozera za hatchi. Ndinafotokoza ngati ndikunena za mtengo wa dizilo, ndipo ndinkadzimva ndekha kuti mawu anga alibe moyo. Vince anakhala pa kampando kake n'kumasisita dazi.

"Mabokosi okha ndingagule," anatero. "Alipo amene amawafuna. Koma ndi ndalama ya mowa wa Loweruka, ndisakunamize."

Apo ndi pamene maganizo anandibwerera, oyamba chipsereni nyumba.

"Vince, nambala ili pa chikalata. Pa khobidi palibe nambala."

"Palibe."

"Ndiye khobidi lililonse la mtundu womwewo likalowa m'bokosi langa, ndi langa."

"Likhale losakhudzidwa basi. Si chinyengo chimenecho, timachita tsiku ndi tsiku." Anaimirira n'kutsegula kabati ya kuseri. "Bambo akamwalira, ana amabwera nawo muno m'thumba la pulasitiki. Mabokosi anataya, akuti amadya malo. Ndimawagula motchipa, makobidi amasiye. Iwe uli ndi nyumba zopanda anthu, ine ndili ndi anthu opanda nyumba." Anaima kaye. "Pepa aise, pakamwa panga."

"Palibe kanthu."

Anafufuza m'madilowa, ine ndikutchula amene ndinali nawo. Ndinkawakumbuka onse, mwa ndondomeko ya m'kabati. Tinapeza atatu ofanana ndi anga: la asilikali a pa hatchi, la mbalame ya m'madambo, ndi la sitima ya pamadzi. Anawaika pa kansalu kobiriwira. Ankawala bwino, mwina kuposa anga aja, poti analibe chikasu. Ndinawayang'ana kudikira kuti mtima ugunde monga unkachitira kale ndikaona pulufu. Sunagunde. Ndinangoona nkhope yanga yosameta ili mkatimo, yaing'ono.

"Atatuwa tenga, tidzawerengera pa chibulumwachi," anatero Vince. "Enawo ndizikusakira. Koma ndi zaka, Des, si za mawa. Ndipo la njanji uiwale, ukalipeza ugulitse impso."

"Ndimuuza kuti wati mitengo yagwa, tidikire."

"Ndiye wabodza ndikhale ine."

"Unazolowera kale."

Anaseka pang'ono, kenako anasiya.

"Kapena ungomuuza, mkulu."

"Sunamumve akamanena za hatchi ija."

"Chabwino. Ine ndimagulitsa makobidi. Za mabanja ndinalephera kawiri, usandifunse."

Anakulunga timbale titatuto m'kapepala kofewa, ndinatiika m'thumba la malaya n'kumanga batani. Panjira ndinagula payi wa nyama n'kudyera m'galimoto. Ndinkakonza mmene ndichitire. Glenys akapita kochapa, ndiika atatuwa m'mabokosi awo, n'kuwasanjika pamwamba. Akadzafuna kuona, ndidzamutsegulira amenewo. Enawo pang'onopang'ono. Zinkaoneka zotheka. Payi uja ndinamaliza osadziwa ngati anali wotentha kapena wozizira.

Nditafika pa bwalo paja dzuwa linali litapendeka. Ndinaona patali kuti kutsogolo kwa kalavani yathu kuli tebulo lopinda, ndi lona woyalidwa pa udzu. Nditayandikira ndinaona mabokosi. Onse anali panja, atasanjidwa m'mizere, onse ali yasa. Nsalu zake zabuluu ndi zofiira zinali padzuwa, iliyonse ndi kadzenje kake kozungulira pakati.

Glenys anali atakhala pa mpando wa pulasitiki, beseni la madzi pambali, kansalu m'manja. Panali kafungo ka viniga. Ndinazimitsa galimoto, n'kukhalamo kaye pang'ono. Kenako ndinatsika.

Sanakweze mutu.

"Fungo la utsi limandikanika," anatero. "Ndinati ndingopukuta kunja kokha, sinditsegula. Limodzi linandipulumuka, linagwa n'kutseguka."

"Glenys."

"Ndiye ndinati mwina ndi limenelo lokha. Ndinatsegula lina."

Mawu ake anali wamba, ngati akundiuza kuti mkaka watha. Anafinya kansalu m'beseni.

"Atibera, eti?" anatero. Apa anandiyang'ana. "Pompano pabwalo. Kalavaniyi sitikhoma tikamapita kukadya. Munthu analowa, anachotsa makobidi, n'kubweza mabokosi kuti tisazindikire msanga. Si choncho?"

Ankafuna ndivomere. Ndinaziona m'maso mwake. Akanakhala kuti abedwa pano, ndiye kuti iye anawapulumutsadi, ndipo zotsalazo ndi za akuba. Bodza limeneli linali labwino kuposa langa lija, losafuna zaka, losafuna Vince. Linkangofuna ndigwedeze mutu.

Koma maso ake anali atachoka kale pa ine. Ankayang'ana kalavani yoyandikana nafe, ya banja la a Tranter, amene anatuluka m'moto ndi zovala za m'thupi zokha. Bambo wa m'menemo anali asanapeze ntchito, ndipo tsiku lina anatithandiza kukonza chitseko chathu.

"Mwamuna ujatu analowa muno," anatero Glenys. "Anaona pansi pa bedi. Ndipita ku ofesi ndikanene."

Anayamba kudzuka.

"Sanabe munthu," ndinatero.

Anakhalanso.

"Munalibe kale. Pamene unkanyamula munalibe."

Sanalire. Sanakuwe. Ndikanakonda akanandigenda ndi bokosi limodzi, koma anangoika manja pa maondo.

"Anali kuti?"

"M'shedi."

"Kuyambira liti?"

"Nyengo yozizira ija. Nsalu za m'mabokosimu zinkawachititsa chikasu. Ndinawaika m'chitini chija cha zipolopolo."

"Chitini chimodzi."

"Chimodzi."

"Chija chili ndi chogwirira pamwamba."

"Chomwecho."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akulondola njira imene akumufotokozera.

"Apsa?"

"Asungunuka. Vince watenga, agulitsa pa sikelo."

Sanafunse kuti ndi zingati. Kuseri kwa makalavani munthu wina anali atayamba kuyatsa moto wa masoseji, ndipo ana ankathamangitsana pakati pa magalimoto. Timbale titatu tija tinkandilemera pachifuwa. Ndinaganiza zotitulutsa, ndimuonetse kuti ndayamba kale kukonza zinthu. Dzanja linafika pa batani n'kubwerera.

"Ndinapita n'kubwerera," anatero Glenys, "kupita n'kubwerera. Ndinkanyamula ochepa ochepa kuopa kugwetsa, poti unkati akagwa amakalika. Dulcie akulira nthawi yonseyo. Ndinkamuuza kuti dikira mayi, ndikubwera, atsala pang'ono."

"Ndikanakuuza. Sindinaganize kuti..."

"M'shedi," anatero, osandimva. "Des, shedi ija ukaima pakhomo pake, geti la Dulcie umatsegula osasuntha phazi."

Ndinali nditaima pamalo pomwepo m'mawa wa tsiku lomwelo, fosholo ili m'manja. Getilo ndinaliona, lili chitsekere, unyolo wake uli pa msomali. Ndinalilambalala pofuna malata.

"Ndikanatenga chitini ndi dzanja ili," anatero, "geti ndi dzanja ili."

Anayang'ana manja akewo kwa kanthawi. Kenako anatola bokosi lotsatira pa mzere, n'kuviika kansalu, n'kuyamba kupukuta. Anapukuta chivindikiro, m'mbali, ngodya zonse. Analowetsa chala chokulungidwa nsalu m'kadzenje kaja n'kuzunguliza. Atamaliza analitseka, n'kuliika pa mulu wa omwe anali atauma.

Ine ndinali chiimire, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Ndiye awa tiwaike kuti?" anafunsa.

Kenako anatola lina.